Mavoti atatu ku Lilongwe, voti imodzi ku Delhi

Sabata yatha tinakangana kuhositelo mpaka pakati pa usiku, ndipo nkhani yake sinali ya mpira. Tinkakamba za Julayi 2002, pamene bilu yofuna kuchotsa malire a matemu a pulezidenti inagwa m'Nyumba ya Malamulo. Ambirife tinali tisanabadwe, ena tinali kumsana, koma tinamva kwa makolo kuti bilu ija inkafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse ndipo inaperewera ndi mavoti atatu okha. Mnzanga wina, amene amakonda kuyatsa moto iye n'kukhala chete, anafunsa kuti, "Nanga atatuwo akanapezeka? Khothi likanatha kunena kuti ayi?"

Chipinda chinagawikana. Ena anati khothi lilibe chonena. Ntchito ya majaji ndi kuyeza malamulo ang'onoang'ono ndi muyezo wa malamulo oyendetsera dziko, ndiye ngati aphungu asintha muyezowo potsata ndondomeko, jaji auyeza ndi chiyani? Ena anati maganizo amenewo ndi oopsa, chifukwa ndiye kuti aliyense wokhala ndi aphungu okwanira akhoza kuchita chilichonse. Wina anatikumbutsa kuti mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo zimenezo sizinabwere ndi mfuti, zinadutsa m'Nyumba ya Malamulo mwadongosolo lake.

Ine ndinali kumbali yoyamba ija. Pofuna zida zogonjetsera anzangawo ndinakawerenga mbiri ya dziko limene linalimbana ndi funsoli kwa zaka pafupifupi 30, dziko la India. Ndabwerako nditasunthako pang'ono, ngakhale sindinafike pamene anzangawo ankafuna.

Ku India nkhaniyi inayamba ndi malo olima. Malamulo oyendetsera dzikolo anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950, ndipo m'kati mwake munali ufulu wokhala ndi katundu. Koma boma la a Jawaharlal Nehru linali litalonjeza kulanda minda ikuluikulu ya eni malo otchedwa mazamindar, amene ankatolera lendi kwa alimi osauka, n'kuigawa kwa olimawo. Eni malowo anathamangira kukhothi, ndipo mu 1951 khothi lalikulu la ku Patna linagwetsa lamulo la malo la chigawo cha Bihar. Boma silinachedwe. Chaka chomwecho linasintha malamulo oyendetsera dziko koyamba, n'kuwonjezeramo mndandanda wotchedwa Ninth Schedule. Lamulo lililonse loikidwa pa mndandandawo, khothi silikanalikhudza ngakhale litaphwanya ufulu wa munthu. Anayamba ndi malamulo 13, ndipo m'zaka zotsatira mndandandawo unangotalikirabe.

Khothi la Suprimu linavomereza zimenezi pa mlandu wa Shankari Prasad mu 1951. Linati ndime 368, imene imapatsa aphungu mphamvu yosintha malamulo oyendetsera dziko, ilibe malire. Linabwerezanso zomwezo pa mlandu wa Sajjan Singh, koma ulendo umenewo majaji awiri, a Hidayatullah ndi a Mudholkar, analemba kuti mtima wawo sunakhazikike. A Mudholkar anafunsa ngati kusintha zinthu zimene zili maziko a malamulowo kungatchedwebe kusintha, kapena ndi kulemba malamulo ena atsopano.

Pali mlendo wina amene amaiwalika pa nkhaniyi. Mu 1965 katswiri wa malamulo wa ku Germany, Dietrich Conrad, anakamba nkhani ku yunivesite ya Banaras. Iye anachokera kudziko limene mu 1933 aphungu anapereka mphamvu zonse kwa Hitler kudzera m'lamulo lodutsa ndi magawo awiri mwa atatu. N'chifukwa chake malamulo a Germany a 1949 ali ndi ndime imene imaletseratu kusintha mfundo zina, monga ulemu wa munthu ndi ulamuliro wa demokalase. Conrad anafunsa omumvera ngati aphungu a India angagwiritse ntchito ndime 368 kuchotsa ufulu wokhala ndi moyo, kapena kubwezera dziko m'manja mwa mfumu ya ku Britain. Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti malire alipo ngakhale sanalembedwe. Maganizowa anafika m'manja mwa maloya a ku India, ndipo anayamba kumveka m'khothi.

Mu 1967 khothi linatembenuka. Banja la a Golaknath la ku Punjab linali ndi maekala opitirira 500, ndipo lamulo linkati aliyense wa abale awiriwo atsale ndi maekala 30. Majaji 11 anamva mlanduwu, ndipo 6 mwa iwo anagamula kuti aphungu sangachepetse ufulu uliwonse wolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko. Chigamulochi chinkamveka chokoma, koma taonani amene chinkamuteteza. Sanali mlimi wopanda munda. Ndipo patangopita milungu ingapo, mkulu wa majaji amene anatsogolera chigamulocho, a Subba Rao, anatula pansi udindo n'kukapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti mothandizidwa ndi zipani zotsutsa. Anagonja, koma anasiyira boma umboni woti majaji nawonso ndi andale ovala mikanjo.

Apa ndi pamene Mayi Indira Gandhi akulowera. Mu 1969 boma lawo linatenga mabanki akuluakulu 14 kukhala a boma, khothi linagwetsa lamulolo mu 1970. Boma linafuna kuthetsa ndalama zimene mafumu akale a India ankalandira chaka ndi chaka, khothi linakananso. Mayi Gandhi anapita kwa anthu ndi uthenga wothetsa umphawi, ndipo pa chisankho cha 1971 anapata mipando yopitirira magawo awiri mwa atatu. Anasintha malamulo motsatizana. Kusintha kwa nambala 24 kunanena mosabisa kuti aphungu akhoza kusintha ndime iliyonse. Kwa nambala 25 kunachepetsa ufulu wa katundu, ndipo kwa nambala 29 kunaika malamulo a malo a chigawo cha Kerala pa mndandanda wosakhudzidwa uja.

Ndivomere kuti ndikanakhala wophunzira ku Delhi mu 1971, ndikanaguba nawo kumbali ya Mayi Gandhi. Anthu osankhidwa ndi mamiliyoni a osauka akufuna kugawa minda, ndipo amuna ochepa osasankhidwa ndi aliyense akuteteza eni minda, eni mabanki ndi mafumu. Ndani mwa ife, amene timadziwa za maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje ndi anthu opanikizana m'mphepete mwake, akanasankha majaji?

Mlandu umene unathetsa mkanganowu uli ndi dzina la munthu wa chipembedzo. Kesavananda Bharati anali mtsogoleri wa nyumba ya amonke achihindu ku Edneer, m'boma la Kasaragod ku Kerala, ndipo mu 1970 anasumira boma chifukwa malamulo a malo ankakhudza minda ya nyumbayo. Loya wotchuka Nani Palkhivala anautenga mlanduwo n'kuukulitsa kufikira pa funso lenileni la mphamvu ya aphungu. Majaji 13 anakhala pansi, chiwerengero chimene chinali chisanachitikepo m'khothilo. Anamva mlanduwu masiku 68, kuyambira pa 31 Okotobala 1972 mpaka mu Malichi 1973, ndipo chigamulo chinatuluka pa 24 Epulo 1973, kutatsala tsiku limodzi kuti mkulu wa majaji, a Sikri, apume pa ntchito.

Anthu akamatchula mlanduwu amaufotokoza ngati khothi linalankhula ndi pakamwa pamodzi. Zoona zake n'zakuti panatuluka zigamulo 11 zosiyana, masamba mazanamazana. Majaji 6 anati mphamvu ya aphungu ili ndi malire. Ena 6 anati ilibe. Wotsalayo, a H.R. Khanna, anaima pakati. Anagwirizana ndi boma kuti chigamulo cha Golaknath chinalakwika, kuti aphungu akhoza kusintha ngakhale ndime za ufulu, komanso kuti ufulu wa katundu si chinthu chosakhudzika. Koma anati mawu oti "kusintha" ali ndi tanthauzo lake. Chimene wachisintha chiyenera kutsala chikudziwikabe kuti ndi chomwe chija. Ukhoza kusintha denga, kugumula khoma la pakati, kuwonjezera zipinda, koma ukafukula maziko sunakonze nyumba, waigwetsa. Umu ndi mmene mfundo ya maziko, imene m'Chingerezi amati basic structure, inapambanira ndi majaji 7 kwa 6. Pamapeto a Sikri anabweretsa chikalata chachifupi chofotokoza zimene ambiri agwirizana. Majaji 9 anasaina, 4 anakana.

Chimene chinandiseketsa n'chakuti boma linapambana pafupifupi pa chilichonse chimene linabwerera. Kusintha kwa nambala 24 kunavomerezedwa, kwa nambala 29 kunavomerezedwanso, ndipo mmonke uja sanapindule kanthu pa minda yake. Khothi linapatsa boma chigonjetso cha tsikulo, ilo n'kudzisungira kiyi wa mawa. Komanso silinapereke mndandanda wotsekeka wa zimene zili maziko. Jaji aliyense anatchula zake, monga demokalase, kulekanitsa mphamvu za nthambi za boma, kusakondera chipembedzo ndi mgwirizano wa zigawo.

Boma linamvetsa bwino lomwe zimene zinachitika. Patangopita masiku awiri linasankha a A.N. Ray, mmodzi wa 6 ogonja aja, kukhala mkulu wa majaji, kudumpha majaji atatu amene anali patsogolo pawo pa ukulu, a Shelat, a Hegde ndi a Grover. Atatu onsewo anali kumbali ya 7, ndipo onse anatula pansi udindo. Uthenga kwa otsalawo sunafunike womasulira.

Mpaka apa ndinali ndidakali kumbali yanga ya kuhositelo ija. Chimene chinandisuntha ndi 1975.

Pa 12 Juni 1975 jaji Jagmohanlal Sinha wa khothi lalikulu la ku Allahabad anagamula kuti Mayi Gandhi anaphwanya malamulo a chisankho pamene ankapikisana ndi Raj Narain ku Rae Bareli mu 1971, mwa zina pogwiritsa ntchito ogwira ntchito m'boma pa kampeni. Anafafaniza kupambana kwawo n'kuwaletsa kukhala pa mpando wosankhidwa kwa zaka 6. Pa 25 Juni boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Atsogoleri otsutsa anatsekeredwa, nyuzipepala zinamangidwa pakamwa. Kenako mu Ogasiti kunabwera kusintha kwa nambala 39. Kunadutsa m'nyumba imodzi ya aphungu pa 7, m'nyumba inayo pa 8, m'zigawo pa 9, ndipo pulezidenti anasaina pa 10, chifukwa apilo ya Mayi Gandhi inkayamba kumvedwa pa 11. M'kati mwake munali ndime yonena kuti chisankho cha nduna yaikulu sichingafunsidwe m'khothi, ndiponso kuti chigamulo chilichonse chimene chinachifafaniza kale n'chopanda ntchito.

Tayimani pamenepa pang'ono. Ndondomeko yonse inatsatidwa. Magawo awiri mwa atatu analipo, pamene aphungu ena otsutsa anali m'ndende. Malamulo oyendetsera dziko la anthu mamiliyoni mazana angapo anasinthidwa m'masiku anayi kuti munthu mmodzi apambane mlandu wake. Ngati mfundo yanga ya kuhositelo inali yolondola, ndiye kuti khothi linayenera kungowerenga mavoti n'kuweramitsa mutu.

Pa 7 Novembala 1975 khothi la majaji 5 linagwetsa ndime imeneyo. Ena anati chisankho chaufulu ndi chachilungamo ndi maziko a dziko, ena anati aphungu sangadzisandutse khothi n'kugamula mlandu wa munthu popanda lamulo loweruzira. Aka kanali koyamba kuti mfundo ya maziko igwetse kusintha kopangidwa pambuyo pa chigamulo cha 1973. Koma musathamangire kuwomba m'manja. Khothi lomwelo linavomereza kupambana kwa Mayi Gandhi, chifukwa aphungu anali atasinthanso lamulo wamba la chisankho n'kulibweza m'mbuyo kuti zimene analakwa zija zisakhalenso zolakwa. Mayiwo anakhalabe pa mpando.

Patangopita masiku atatu a Ray anasonkhanitsa majaji 13 kuti aunikenso chigamulo cha 1973. Palkhivala anabweranso, ndipo majaji anayamba kufunsana kuti anapempha kuunikaku ndani. Atamva mlanduwo masiku awiri, a Ray anabalalitsa gululo osapereka chigamulo.

Ndiye pali tsamba limene okonda makhothi sakonda kulitsegula. Mu Epulo 1976, pa mlandu wa ADM Jabalpur, khothi lomweli linagamula kuti pa nthawi ya ngozi munthu wotsekeredwa popanda mlandu sangapemphe khothi kuti limutulutse. Majaji 4 anavomereza, a Khanna okha ndiwo anakana. Mu Januwale 1977 itakwana nthawi yoti akhale mkulu wa majaji, boma linawadumpha n'kusankha a Beg, ndipo iwo anatula pansi udindo. Choncho khothi limene linateteza maziko a malamulo linalephera kuteteza munthu wamoyo amene anali m'chitokosi. Amene anathetsa ulamuliro wa ngozi uja anali ovota, mu Malichi 1977, pamene anachotsa chipani cha Congress m'boma ndipo Mayi Gandhi anagonja ku Rae Bareli kwa Raj Narain yemwe uja.

Boma lisanagwe linali litayesa kutseka chitseko kotheratu. Kusintha kwa nambala 42, kwa 1976, kunawonjezera mawu mu ndime 368 onena kuti mphamvu ya aphungu ilibe malire alionse ndipo palibe khothi limene lingafunse za kusintha kulikonse. Mu 1980, Mayi Gandhi atabwereranso m'boma, khothi linagwetsa mawu amenewo pa mlandu wa Minerva Mills. Mfundo yake inali yosavuta kumva: amene wapatsidwa mphamvu yokhala ndi malire sangagwiritse ntchito mphamvu yomweyo kudzichotsera malirewo. Amene analemba chigamulocho, a Y.V. Chandrachud, anali mmodzi wa 6 amene anakana mfundo ya maziko mu 1973. Zaka 7 ndi zimene anaona m'zakazo zinawaphunzitsa zina.

Nanga ufulu wa katundu, umene unayambitsa nkhondo yonseyi? Mu 1978 boma latsopano linauchotsa pa mndandanda wa maufulu akuluakulu, ndipo mfundo ya maziko sinauteteze.

Kukayikira kwanga sikunathe konse, ndipo chifukwa chake ndi 2015. Aphungu a India, olamula ndi otsutsa pafupifupi onse, anagwirizana zokhazikitsa bungwe losankha majaji momwe mukanakhala nduna ya zamalamulo ndi anthu ena awiri odziwika, m'malo mwa dongosolo loti majaji akuluakulu azisankha okha anzawo. Khothi linagwetsa kusinthako ndi majaji 4 kwa 1, ponena kuti kudziimira kwa makhothi ndi maziko. Mukakumbukira zimene zinachitikira a Shelat ndi a Khanna, mantha awo ndi omveka. Komabe apa majaji ankaweruza mlandu wokhudza mphamvu zawo zomwe, pogwiritsa ntchito mndandanda umene sunalembedwe paliponse ndipo amauwonjezera okha. Ngati tikuopa aphungu opanda malire, tiyenera kufunsanso za malire a anthu amene sitingawachotse pa chisankho.

Mayiko ena anatengera mfundoyi, ena anaikana. Khothi la ku Bangladesh linaigwiritsa ntchito mu 1989. Ku Kenya, pa nkhani ya BBI, khothi lalikulu ndi la apilo anaivomereza mu 2021, koma mu Malichi 2022 khothi la Suprimu linati mfundoyi sigwira ntchito kumeneko, popeza malamulo awo a 2010 ananeneratu okha ndime zimene zimafunika riferendamu. BBI inagwabe pa zifukwa zina, chachikulu n'chakuti pulezidenti sangayambitse kusintha kudzera njira imene inasungidwira nzika wamba.

Malamulo athu a 1994 ali pafupi ndi a Kenya kusiyana ndi a India. Ndime 197 imalola aphungu kusintha ndime zambiri ndi magawo awiri mwa atatu. Ndime 196 imati ndime zimene zili pa mndandanda wa kumapeto, kuphatikizapo za ufulu wachibadwidwe, zimafunika riferendamu, pokhapokha ngati kusinthako sikukhudza tanthauzo lake ndipo Sipikala watsimikiza choncho. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa ya ku India, chifukwa malire ndi olembedwa ndipo mwini wake womaliza ndi wovota. Jaji sachita kupeka, amangofunsa ngati anthu anafunsidwa pamene anayenera kufunsidwa.

Koma mndandanda wolembedwa umateteza zokhazo zimene olembawo anakumbukira. Mu 1995 aphungu athu anachotsa ndime 64, imene inkapatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wawo temu isanathe. Mu 2001 anachotsa Senate isanakhalepo n'komwe. Zonse ziwiri zinali njira zoyang'anira aphunguwo, ndipo anazichotsa okha popanda kutifunsa. Bilu ya 2002 nayo inkadutsira njira yomweyo ya mavoti a aphungu okha.

Choncho kwa mnzanga uja ndikuyankha motere. Ndikufunabe kuti khothi likhale lamanyazi pa nkhani zoterezi. Lisagwetse kusintha chifukwa choti majaji sakukukonda, kapena chifukwa kwakhudza chuma cha anthu amene amadya nawo limodzi, monga zinkaonekera ku India isanafike 1973. Koma sindinganenenso zimene ndinanena usiku uja, zoti ndondomeko ikatsatidwa nkhani yatha. Pamene olamula akusintha malamulo kuti iwo omwe asachotsedwe, asafunsidwe kapena asaweruzidwe, magawo awiri mwa atatu a aphungu sakuyimiranso anthu, akuyimira mipando yawo. Pamenepo ndikufuna pakhale jaji amene anganene kuti bwererani mukafunse eni ake. Ndime 12 ya malamulo athu imanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi ndipo olamula amangozisunga m'malo mwawo. Loya wofuna kumanga mlandu wotere ali ndi poyambira.

Mnzangayo nditamuuza zonsezi anandifunsa za mmonke uja. Kesavananda Bharati anamwalira mu Seputembala 2020 ali ndi zaka 79, akutsogolerabe nyumba yake ya ku Edneer. Nyuzipepala za ku India zinamulira ngati munthu amene anapulumutsa malamulo a dziko, ngakhale iye anapita kukhothi kukadandaula za minda, ndipo pa za mindazo sanapambane.